Maswiti a Uchi ndi Nsawa

Ife a kumapiri a Dedza, kumene chisanu cha mu June ndi July chimalowa munthu mpaka m'mafupa, tili ndi mwayi umodzi umene anzathu a ku Salima ndi ku Chikwawa sangaupeze ngakhale ataulirira: maswiti athu amagwirana msanga ndi kukhala olimba masiku ambiri, pamene awo amayamba kumata m'zala dzuwa lisanafike paliwombo. Ntchito yophika maswitiyi anandisiyira ndi mayi anga, amene ankaphika ndi uchi wokhawokha. Ndipo ngakhale shuga wa ku Nchalo, amene anayamba kupangidwa mu 1966, ndi wa ku Dwangwa, wa mu 1979, anadzaza m'magolosale onse, ine sindinautaye uchi, pakuti shuga amangotsekemera basi, koma uchi umanena kumene wachokera.

Nsawa ndimazikazinga m'chiwaya pamoto wa zitsononkho, ndi kuzipukusa, ndi kuzipeta m'lichero. Izi mwana aliyense angachite. Luso lenileni lili pa mphika wa manyuchi. Uchi sulola moto waukali monga alolera shuga, chifukwa umapserera msanga ndi kusanduka wowawa. Choncho ndimathira shuga pang'ono kuti maswiti adzalimbe, ndi kadontho ka madzi a ndimu, ndipo ndimaimirira pamenepo ndi mthiko osayankha ngakhale odi wa mlendo, kufikira thovu lalikulu litatha, patatsala timathovu ting'onoting'ono tophulika mwaulesi. Pamenepo ndidontheza manyuchi m'kapu ya madzi ozizira. Dontho likasungunuka, nthawi sinakwane. Likaundana koma n'kumafewa pakati pa zala, ndi la maswiti otafuna, amene agogo opanda mano amawakonda. Likathetheka ngati galasi, ndiye ndithiremo nsawa kapena chitowe, nditsanulire pa thireyi yopaka mafuta, ndi kudula zisanaziziretu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, anatero akale, koma pano wodekha mopitirira amataya mphika wonse.

Nyengo ya mvula ndiyo mdani wanga, pakuti uchi umakoka chinyontho cha mumpweya, ndipo maswiti osatsekeredwa bwino m'botolo amachita thukuta usiku umodzi wokha. Miyezi imeneyo ndimatembenukira ku chikondamoyo cha ufa wa mgaiwa ndi nthochi zakupsa, chophikidwa ndi moto pansi ndi pamwamba, chimene ndimachipaka uchi chikali chotentha; ndipo mapichesi a ku Bembeke akachuluka, ndimawaphika m'manyuchi opepuka, amene ana amanyambita mbale mpaka kuiwala ulemu.

Si ife tokha amene maswiti athu amadalira mitengo: ku Canada, makamaka m'chigawo cha Quebec, anthu amaboola makungwa a mtengo wotchedwa maple dzinja lawo lachisanu likamatha, natunga madzi ake, nawawiritsa kufikira malita pafupifupi 40 atatsala lita imodzi ya manyuchi, amene amapangira maswiti monga momwe ndichitira ine. Iwo mitengo yawo amaisamala ngati ng'ombe za m'khola, podziwa kuti chuma chawo chili m'menemo. Ife ntchito yotunga ndi kuwiritsa anatichitira kale ndi njuchi, zimene Mlengi anazipatsa nzeru yosaphunzira kusukulu, zomwe zinadyetsa ngakhale Yohane Mbatizi m'chipululu. Koma chiyamiko chathu ndi nkhwangwa. Uchi wa maluwa a mombo ndi tsamba, wakuda ndi wa fungo lolemera, ndiwo umapanga maswiti amene munthu amabwerera kudzafunsa. Wa bulugama ndi wabwino ndithu, koma fungo lake limaposa nsawa. Ndipo paini amene anadzalidwa m'phiri la Dedza ndi ku Chongoni, ngakhale apatsa dziko matabwa, njuchi sizipezamo madzi a maluwa oti zipangire uchi. Chaka ndi chaka wofula uchi amene amandigulitsa amapachika ming'oma yake kutali kuposa kale, cha kunkhalango yotsetserekera ku Mua, ndipo mtengo wa botolo umakwera pamodzi ndi mtunda umene wayenda.

Chifukwa chake ndikupemphani, inu mafumu eni nthaka ndi inu ootcha makala, kuti mtengo umene papachikidwa mng'oma, pamodzi ndi inzake youzungulira, muziusiya uli chiimire.