Maukwati awiri, nyumba imodzi

Ife ndife alimi a m'boma la Maravia, m'cigawo ca Tete. Mudzi wathu uli kumpoto kwa Fingoe, ca ku malire a Zambia. Timalima cimanga, mtedza ndi fodya. Ena a ife anabadwira ku Ukwimi, malo amene panthawiyo anali m'boma la Petauke, kumene makolo athu anathawira nkhondo. Nkhondoyo inatha mu 1992, ndipo pofika 1994 ambiri anali atabwerera ku mabwinja ao. Conco tonsefe tinayamba opanda cuma.

Tinadziwana bwino pa sukulu ya akulu, imene boma limaicha alfabetização. Tikaweruka tinkacita cilimba: aliyense amaponya kangacepe, ndipo mmodzi amatenga zonse mwezi umenewo. Tsiku lina mnzathu wina anabwera kucokera ku ukwati mumzinda wa Tete. Iye anati: "Anzanga, kumene kuja munthu amamanga nyumba yaikulu yopanda zipinda, amaicha salau. Eni ukwati amalipira kuti acitiremo phwando. Bwanji ifenso osamanga yathu?"

Akuluakulu a pamudzi atamva anaseka. Anati: "Kodi zinayamba liti kulipira pokhala? Bwalo lilipo, mthunzi wa mkuyu ulipo." Sananame. Gule wamkulu amavinidwa pabwalo. Milandu imakambidwa pabwalo. Cinkhoswe cimacitikira pakhomo pa makolo a mkazi, ndipo palibe amene angacisamutse. Koma ife tinaona zina. Anyamata ndi atsikana a masiku ano akacoka ku chalichi amafuna pokhala pa mipando, podyera popanda fumbi, ndi zoimbira zomveka patali. Tinaonanso alangizi a ulimi, a zaumoyo ndi ogula fodya akucititsa misonkhano padzuwa, mapepala ao akuuluka ndi mphepo. Tinati anthu amenewa adzalipira denga.

Malo tinapempha kwa amfumu, ndipo anatipatsa pafupi ndi msewu. Tinayesa kuti zatha. Pambuyo pake tinaphunzira kuti ku Mozambique nthaka ndi ya boma, siigulidwa ndiponso siigulitsidwa. Lamulo la nthaka la 1997 linavomereza munthu kukhala ndi kulima pa malo a makolo ace monga mwa mwambo. Koma wofuna kumanga nyumba ya malonda amacita bwino kukhala ndi pepala lochedwa DUAT. Pamafunikanso nambala ya msonkho, ya NUIT, ndi cilolezo ca malonda. Ku Fingoe tinapitako kangapo, ndipo colakwa cinali cathu: ena a ife analibe ndi bilhete yomwe, ciphaso ca nzika cija.

Njerwa tinaumba tokha kudambo m'cilimwe, ndi kuziocha tokha. Mcenga tinatuta pamutu ndi pa ngolo. Koma malata, misomali ndi simenti sizimera m'munda, ndipo kuzifikitsa kuno kumadya ndalama zambiri. Ndalama zinatha makoma atangofika m'mazenera. Mvula inagwa, khoma la kum'mawa linagwa nayo. Tinamanganso caka cotsatira fodya atagulidwa. Nyumba inatha patatsala zaka zocepa kuti matenda a korona afike.

Ukwati woyamba unatiphunzitsa cinthu cocititsa manyazi. Tinali titaganiza za mipando, za nsalu zokongoletsa, za jenereta yobwereka. Cimbudzi tinali ndi cimodzi cokha, ca udzu, cimene tinkagwiritsa nchito pomanga. Anthu anadza ocuruka, anadya nsima ndi nyama ya mbuzi, anamwa thobwa. M'mawa mwace mwini dimba loyandikana nafe anafika ali wolusa. Mau amene ananena sitingawalembe m'buku la sukulu. Sabata lomwelo tinakumba zimbudzi ziwiri, ca amai ndi ca abambo, ndi kuika mgolo wa madzi osamba m'manja.

Usiku wa ukwati umenewo tinagawana ndalama zonse, aliyense napita kwao akumwetulira. Patapita masiku atatu mwini jenereta anabwera kudzatenga zace. Mafuta tinali titatenga pa ngongole. Mipando inai inali yothyoka. Amai amene anatunga madzi tsiku lonse anali asanalandire kanthu. Tinayenda khomo ndi khomo kubweza zimene tinagawana, ndipo ena anali atagula kale mcere ndi sopo. Kuyambira pamenepo timayamba tacotsa za mafuta, za mlonda, za madzi ndi za zothyoka. Zotsala timazigawa pawiri: theka la nyumba, theka la ife.

Ndalama zenizenizo zimasokoneza. Kuno ku malire anthu ena amalipira meticais, ena makwaca a ku Zambia, ndipo mphamvu ya ndalama ziwirizi imasinthasintha. Mu 2006 boma linacotsa maziro atatu pa metical, koma alipo akuluakulu amene amawerengabe mwakale. Mukagwirizana mtengo pakamwa pokha, wina amamva zina, wina zina. Enanso alibe ndalama, ali ndi cimanga kapena mbuzi. Cimanga timalandira. Pokolola cimakhala cotsika mtengo, koma mu Januwale cimakwera. Cofunika ndi kucisunga bwino kuti anankafumbwe asatidyere malipiro.

Nchito imeneyi ili ndi nyengo yace, monga ulimi. Maukwati amacuruka anthu akakolola, kuyambira Juni kufikira Okutobala. Mvula ikayamba aliyense ali kumunda, ndipo nkhokwe zayamba kutsika. Pamenepo nyumba imakhala yokha ndi mileme. Koma ngakhale ili yokha imadya: ciswe cimakwera m'mitengo ya denga, udzu umamera pakhomo, mlonda amafuna malipiro ace.

Tsopano tinene za tsiku limene gulu lathu linatsala pang'ono kupasuka.

Wapampando wathu anali bambo wacikulire, waulemu wace, amene anaumba njerwa zambiri kuposa tonsefe. Kuwerenga ankangoyamba kumene. Tsiku lina ali pa mowa, mwana wa mlongo wace anamupeza nati: "Amalume, ndikufuna salau Loweruka lomaliza la Seputembala." Kwathu kuno mwana wa mlongo wako ndi mbumba yako. Ukwati wace ndi wako, mlandu wace ndi wako. Bamboyo anayankha kuti: "Nyumbayo ndi yako, mphwanga." Sanauze munthu, pakuti anaona ngati nkhani ya m'banja.

Sabata lomwelo anthu a mudzi wina anafika kwa msungacuma wathu, mai wa ana asanu. Anapempha Loweruka lomwelo, napereka cikole. Maiyo analandira, namanga ndalamazo pa nsonga ya citenje. Iyenso sanalembe. Buku linalipo, koma linali kwa mlembi, ndipo mlembi anali ku maliro kutali.

Lacisanu madzulo ngolo ziwiri zinakumana pakhomo pa salau. Iyi yanyamula nkhuni ndi miphika, iyonso nkhuni ndi miphika. Poyamba amai anapatsana moni bwinobwino, gulu lililonse likuyesa kuti anzaowo abwera kudzathandiza. Zitadziwika panabuka phokoso. Ankhoswe a mbali iyi akuti tinalipira. Ankhoswe a mbali iyo akuti mwini wace anatilonjeza. Wina anakhala pakhomo, nati wofuna kulowa ayambe wamuponda.

Tinapita kwa amfumu usiku womwewo ndi nyali. Amfumu anamva mbali zonse, ndipo anafunsa funso limodzi: "Kodi nyumbayi ndi ya yani?" Tinati ndi ya gulu. Iwo anati: "Ngati ndi ya gulu, munthu mmodzi sangaipereke, ngakhale kwa mphwace. Amene anapereka cikole alowe." Kenaka anatembenukira kwa ife: "Koma inu mwacititsa manyazi mkwati ndi mkwatibwi amene sanalakwe. Pomafika mawa akhale ali ndi pokhala."

Sitinagone. Amuna anadula mitengo ndi kumweta udzu kuli mwezi. Amai anasesa ndi kuwaza madzi pabwalo. Dzuwa potuluka cisakasa cinali citaima pansi pa mkuyu uja. Mipando tinaigawa pakati. Tinaperekanso mbuzi ya cipepeso, yogula ndi ndalama za m'matumba mwathu. Maukwati onse awiri anacitika, ndipo nthungululu zinamveka uku ndi uku. Ena amati wa pabwalo ndiwo unakoma koposa, ndipo akuluakulu aja amatikumbutsa zimenezi kawirikawiri. Koma wapampando wathu sanadye tsiku limenelo. Mlongo wace sanamulankhule mpaka mvula inagwa, ndipo a banja limenelo sanabwerekenso nyumba yathu kufikira lero.

Pa msonkhano wotsatira ena anafuna kuti bamboyo acotsedwe. Mai wina anaimirira nati: "Mukacotsa iwowa, mucotsenso msungacuma. Mucotsenso ife tonse amene tinasiyira munthu mmodzi buku." Tinakhala cete, cifukwa zinali zoona. Tinali anthu a sukulu ya akulu, koma cuma cathu tinali kucisunga m'mutu.

Tsopano buku limakhala m'bokosi mu salau momwemo. Tsamba lililonse ndi la ukwati umodzi kapena msonkhano umodzi. Timalembamo tsiku, dzina la wobwereka, mudzi wace, mtengo, cikole, ndi ciwerengero ca mipando potuluka ndi pobwera. Wobwereka amasaina, kapena amadinda cala, pamaso pa anthu awiri a gulu. Amene watumiza ndalama pa foni, pa M-Pesa kapena e-Mola, timalembanso, pakuti foni imatayika. Pakhoma pali kalendala yaikulu, ndipo Loweruka likatengedwa timalizinga ndi inki yofiira kuti ndi wosawerenga yemwe aone. M'bale akapempha timamuyankha kuti: "Tiyeni tikafunse buku." Mau amenewa atipulumutsa ku udani wambiri, pakuti munthu sakwiyira pepala monga akwiyira malume ace.

Za maliro sitinagwirizanebe kwenikweni. Lamulo lathu likuti mipando ya pamaliro ndi yaulere, pakuti mawa ndi ife. Koma mipando yambiri imathyoka ndi kusowa pa maliro, ndipo ndani angapite kwa namfedwa kukawerenga mipando? Acinyamata a m'gulu akuti tizipereka mabenci okha. Acikulire akuti zimenezo ndi zamwano kwa amfumu ndi atsibweni amene abwera kudzakhuza. Pakali pano timapereka zonse, ndipo adzukulu ndiwo amabweza. Nkhaniyi imabukanso caka ndi caka.

Pa 1 Epulo 2020 boma linaletsa maphwando ndi misonkhano cifukwa ca korona. Nyumba inatsekedwa nyengo ya maukwati itayandikira. Anzathu atatu anatopa, napempha gawo lao. Tinagulitsa mipando ina kuti tiwalipire, ndipo tinasiyana popanda mlandu. Wamalonda wina anabwereka nyumbayo kusungiramo matumba a cimanga. Ndalama zace zinali zocepa, koma zinalipira mlonda. Makoswe amene anabwera ndi cimangaco anatsala nafe nthawi yaitali. Mu 2024 kunali cilala, ndipo mabanja ambiri anangocita cinkhoswe pakhomo, phwando nkuliika caka cina. Munthu wopanda ufa sabwereka salau.

Kodi talemera? Iyai. Caka cabwino gawo la munthu limagula mbeu, makope a ana ndi citenje. Caka coipa limagula mcere. Amene akufuna kumanga nyumba yotere asasiye munda wace.

Miyezi ya mvula, pamene kulibe maukwati, kalasi yathu imaphunzirira mu salau masana tikacoka kumunda. Wapampando uja akali pa mpando, ndipo ndiye amazinga masiku pa kalendala. Amalemba pang'onopang'ono, lilime lili panja, koma salakwitsa. Loweruka loyamba la Julayi lazingidwa kale. Eni ace anapereka cikole ca ndalama pang'ono ndi nkhuku ziwiri. Nkhukuzo zili m'khola la msungacuma, amene akuzidyetsa madeya ace. Imodzi yayamba kuikira, ndipo Lacitatu tidzakambirana kuti mazirawo ndi a yani.