Utsi wa amalume

Dzulo madzulo kuno ku Mkaika ndinaperekeza amalume kukafula uchi. Nditanyamula muuni waudzu, iwo akuti, "Iwe mphwanga, ukufuna ukaotche njuchi zanga?" Anangofukiza zitsononkho ndi ndowe youma m'kachitini, utsi wosatentha, pang'ono pokha pakhomo pa mng'oma.

Ine kale lonseli ndinkayesa utsi umaziledzeretsa. Ayi ndithu. Njuchi ikakuluma imasiya kafungo konga ka nthochi yakupsa, koitanira zinzake kunkhondo, ndiye utsi umaphimba kafungoko. Zina zimathamangira m'zisa kukakhuta uchi, ukali n'kuchepa.

Komabe imodzi inandipeza pachikope. Amalume anangochotsa mbola ndi chikhadabo, n'kundipemerera utsi pomwepo, uku akuseka. Mpaka pano diso silikutseguka.