Kusamutsa mabuku a ndalama si kukopa foda

Lolemba lapitali, 6 koloko m'mawa, mayi wina wogulitsa simenti ndi malata m'tauni muno anandiimbira foni mawu akunjenjemera. Loweruka mnyamata wina anamusamutsira pulogalamu yowerengera ndalama ya Pastel pa seva yatsopano, pamtengo wa nkhuku ziwiri, ndiye makompyuta onse atatu apakauntala ankangolemba kuti Status 116. Ndinanyamuka kuno ku Mpima ndisanamwe ndi tiyi yemwe. Chimene anachita mnyamatayo ndinachidziwa ndili panjira: anakopa foda, n'kuiponya kumakina atsopano, n'kupisa ndalama m'thumba.

Ntchito yanga ndi imeneyi, kuyendetsa mapulogalamu akale owerengera ndalama pa makina atsopano. Ku Kabwe kuno mashopu, masukulu ndi makampani ang'onoang'ono anagula Pastel Partner kalekale, akalaliki awo anaizolowera, ndipo safuna kumva za ina. Imene imakalamba ndi seva. Microsoft inasiya kusamalira Windows Server 2003 mu Julaye 2015, ya 2008 mu Januwale 2020, ya 2012 mu Okutobala 2023, choncho tsiku losamuka limafika ndithu. Zoika Windows ndi kulumikiza mawaya sindinenapo, zimenezo ngakhale mwana wa Grade 12 amazitha.

Povuta ndi pansi pa Pastel. Manambala sasungidwa ndi pulogalamu imene mumaiona pa sikirini, amasungidwa ndi injini yotchedwa Pervasive, mdzukulu wa Btrieve ya m'zaka za m'ma 1980. Kampani ya Actian inaigula mu 2013 ndipo lero imatchedwa Zen, koma khalidwe lake silinasinthe kwenikweni. M'shopu yokhala ndi makompyuta ochepa, makina amodzi ndiwo amakhala mlonda wa mafayilo onse, ndipo dzina la mlondayo limalembedwa m'kafayilo kakang'ono kotchedwa ~PVSW~.LOC, kamene kamakhala m'foda momwemo. Mnyamata uja anakanyamulira limodzi. Ndiye makompyuta onse ankafunafuna mlonda wakale, amene panthawiyo anali atazimitsidwa, ali pansi pa tebulo. Kafayiloko ndinakachotsa, n'kuika seva yatsopano kukhala mlonda wokhazikika, n'kuonetsetsa kuti makina onse ali ndi Pervasive yamtundu umodzi, n'kuuza antivirus kuti isamagwiregwire mafayilo a data. Ndinazulanso Wi-Fi pa kompyuta ya kauntala n'kuikapo waya. Injini imeneyi imadana ndi kudulidwa mawu ili pakati polemba. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, magetsi akuthima tsiku lonse, ndinatopa ndi kusoka mafayilo ong'ambika a anthu amene anakana kugula UPS.

Palinso nkhani ya kalembedwe ka tsiku. Windows yatsopano ukaisiya pa kalembedwe ka ku America, mwezi umayamba tsiku n'kubwera pambuyo, ndiye 3 Epulo amasanduka 4 Malichi, VAT n'kugwera m'mwezi wolakwika popanda uthenga uliwonse wochenjeza. Amene ali ndi mapulogalamu a SQL Server ali ndi msampha wawo: backup ya SQL Server 2000 silowa mu 2012 kapena yatsopano kuposa pamenepo isanadutse kaye mu 2008, ndipo ikangokwera sibwereranso pansi.

Zonsezi munthu atha kuwerenga pa intaneti. Chimene sichili pa intaneti ndinachiphunzira kwa mkulu wina wakwathu ku Katete, amene anagwira ntchito yowerengera ndalama kumgodi wa kuno ku Kabwe mpaka unatsekedwa mu 1994. Anali ndi kachipinda kufupi ndi siteshoni ya sitima, muli makompyuta akufa okhaokha ndi printa yaphokoso ija ya mapepala obooka m'mbali. Miyezi itatu yoyamba sanandilole kugwira seva ya munthu. Ntchito yanga inali kugula zitumbuwa ndi kugwira rula. Tisanasunthe kalikonse ankasindikiza trial balance, mndandanda wa angongole ndi wa katundu wam'sitolo. Tikasamutsa ankasindikizanso, n'kuyala mapepalawo patebulo, iwo akuwerenga mokweza, ine ndikutsitsa rula mzere ndi mzere, cholembera chofiira kudzanja. Ndikathamanga ankandimenya ndi rula yomweyo pachala. "Mwana wanga, pulogalamu ikatseguka usaombe m'manja, werenga kaye," ankatero, kenako n'kuyamba nkhani za kumgodi wa Broken Hill zimene ndinazimva mwina kakhumi.

Pa 1 Januwale 2013, pamene kwacha inachotsedwa maziro atatu, K1,000 n'kukhala K1, tinagona m'ofesi ya kasitomala masiku awiri. Ngwee zinali zitabwerera, ndipo titagawa zonse panatsala kusiyana kwa ngwee 7. Ine ndinati, "Bambo, tingozilemba ngati zotayika." Anandiyang'ana osayankha, n'kunditumiza tiyi wina. Tinazipeza mbandakucha, m'mitengo ya misomali yogulitsa pa kilo. Mkuluyu anabwerera kumudzi maso atayamba kuvuta, rula ija anandisiyira.

Ndiye makasitomala akamati, "Koma bwana, mwangodinadina, ndalama yonseyi ndi yachani?" mtima umandiwawa. Munthu yemweyo salimbana ndi makaniko pa mtengo wa giyabokosi. Ena amabwera ndi pulogalamu yopanda laisensi, yochita kukopa kwa mlamu wawo, n'kumati ndiikonze kuti ilankhulane ndi Smart Invoice imene bungwe la misonkho la ZRA linayambitsa mu 2024. Amenewo ndimawauza poyera kuti akagule yovomerezeka. Ena backup yawo yomaliza ndi ya chaka chathachi, pa flash imene mwana amamverapo nyimbo. Ndikatchula mtengo wanga amapita kwa anyamata a nkhuku ziwiri, n'kudzandiimbira Lolemba m'mawa.

Kwa mayi wa malata uja mwayi unalipo, seva yakale inali isanafufutidwe. Ndinaiyatsa, ndinasindikiza mapepala ake, n'kuyala pambali pa atsopano. Tinawerenga ndi kalaliki wake mpaka 9 koloko usiku ndipo zonse zinagwirizana mpaka ngwee yomaliza. Anandipatsa theka la ndalama yanga, yotsalayo akuti ndikatenge kumapeto kwa mwezi.