Ulendo Wopanda Mboni

Kukacha bwino, nkhungu itachoka panyanja, munthu woima padoko la Nkhata Bay amatha kuona mapiri a tsidya lija atandanda ngati utsi. Kunsi kwa mapiri amenewo kuli Mbamba Bay, likulu la boma la Nyasa m'chigawo cha Ruvuma ku Tanzania, boma limene linapatulidwa ku Mbinga mu 2012. Kwa zaka zambiri sitima ya Ilala inkaima kumeneko, ndipo mabanja a mbali ziwiri za nyanjayi ankayenderana pa maukwati ndi pa maliro. Sitimayo italeka kufikako, tsidya lija linatalikira.

Mu July 2022, mayi wina, mphunzitsi wopuma pantchito, ananyamuka yekha ku Nkhata Bay kupita kumeneko. Amuna awo anali atamwalira chaka chapitacho. Malemuwo anabadwira pa Likoma, koma amayi awo anachokera m'mudzi wina pafupi ndi Liuli, kumpoto kwa Mbamba Bay. Kwa zaka 30 banjali linkapangana zokaona abale akuchikaziwo, koma chaka chilichonse ndalama zinkathera ku fizi ya ana. Tsopano imfa inali itachitika, abalewo osauzidwa, ndipo kwa anthu a kunyanja maliro osanenedwa ndi ngongole. Mayiyo analibe nambala ya foni ya wina aliyense. Anali ndi chithunzi cha malemuwo, buku lawo la mapemphero, ndi kapepala kolembedwa dzina la mudzi ndi la atsibweni awo. Popeza inali nyengo ya mwera, anaopa maboti ang'onoang'ono nasankha njira ya pamtunda: Karonga, chipata cha Songwe, Tukuyu, Makambako, Njombe, Songea, Mbinga. Anayenda masiku atatu kuti akafike kumalo ooneka ndi maso ali pakhomo.

Akuluakulu anati kuyenda awiri si mantha. Ambiri amamva mwambiwu ngati wonena za achifwamba ndi zilombo, koma pali china chimene mnzako wa paulendo amachita: amakuyezera kukula kwa zinthu. Basi ikachedwa, iye amaseka, ndipo umadziwa kuti nkhaniyo ndi yaing'ono. Wina akakuyankha mwamwano, iye amakutsina, ndipo mkwiyo umaphwa. Woyenda yekha alibe muyeso umenewu. Chaching'ono chimamukulira, chabwino kapena choipa, ndipo mtima wake umakwera ndi kutsika ngati bwato pa mafunde.

Tsiku loyamba mayiyo anadabwa kupeza kuti akusangalala. Chimwalirire amuna awo, aliyense wokumana naye ankatsitsa mawu pomulankhula. Atawoloka Songwe panalibe womudziwa kuti ndi wamasiye. Anagula nthochi pazenera la basi ku Tukuyu, nayang'ana minda ya tiyi, nadya osaganiza zogawira munthu. Kenaka chisangalalo chomwecho chinamuchititsa manyazi, ngati wavula chovala cha maliro nthawi isanakwane.

Ku Songea mantha anamupeza chifukwa cha nambala imodzi. Pa tikiti ya basi ya mawa lake panalembedwa 12, koma wogulitsa ankaloza kum'mawa uku akulankhula Chiswahili chothamanga. Mayiyo anagwedeza mutu ngati wamva. M'chipinda chogona alendo anatembenuza kapepalako usiku wonse. Akanakhala awiri, wina akanati, "Tikafunsenso mawa, gonani." Pokhala yekha, funso la ola linabala mafunso ena: nanga atsibweniwo ngati anamwalira kale? Nanga akakamuyesa wodzafuna chuma? Nanga akadwalira kuno, adzauza ana ake ndani? Tulo titakanika, anapita kudepoti kusanache, napeza basi ikupakira. Pamenepo ndi pamene anaphunzira kuti Aswahili amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka, kotero 7 koloko m'mawa ndi ola loyamba, ndipo 12 yawo ndi 6 koloko. Anakhala pampando akuseka yekha, misozi ili m'maso.

Kuchokera ku Mbinga msewu wa phula wa makilomita 66 umakhotakhota m'mapiri a Amatengo, anthu olima khofi ndiponso odziwika ndi ulimi wa m'maenje wotchedwa ngoro, umene umagwira nthaka pamalo otsetsereka. Pa khona lina nyanja inatulukira pansi, yobiriwira, yotambalala, yomweyo imene anachapamo zovala moyo wake wonse. Mtima unadumpha. Anatembenuka nati, "Abambo, taonani!" Pambali pake panali mnyamata wachilendo atagona, foni ili m'manja. Apa ndi pamene pali kuwawa kwenikweni kwa ulendo wa munthu mmodzi. Zovuta munthu amazipirira, pakuti zimamupatsa chochita. Chokongola ndicho chimafuna mboni, ndipo chikasowa wochionera limodzi chimasanduka chisoni.

Mbamba Bay inamulandira ndi zinthu zodziwika zovala mayina achilendo. Usipa woyanikidwa pa thandala ankautcha dagaa. Kondowole anali ugali wa muhogo. Nyanjayo ankaitcha Nyasa, ndipo iye, podziwa za mkangano wa malire umene mizu yake ili m'pangano la Britain ndi Germany la 1890, ankangoti nyanja, mawu amene sanakhumudwitse munthu. Madzulo anakhala pamchenga pakati pa miyala ikuluikulu ya m'gombelo naona chinthu chimene sanachionepo: dzuwa likulowa m'madzi. Kwawo dzuwa limatuluka m'nyanja ndi kukalowa kumapiri. Kuno zonse zinali chagada, ndipo kumene dzuwalo linkamira ndiko kunali manda a amuna ake. Usiku nyali za asodzi zitayaka pamadzi, anadzimva kuti ali kutali kuposa mmene analili ku Njombe, kumene kunalibe chomukumbutsa kwawo.

M'mawa mayi wogulitsa tiyi anamva mmene ankavutikira kutchula mawu, namufunsa m'Chinyanja chomveka ngati cha pa Likoma, "Amayi, mwachokera tsidya?" Funso la mawu atatu limenelo linamukwanira tsiku lonse. Wogulitsayo anawerenga kapepala kaja, naitana mnyamata wa njinga yamoto, namulangiza kwa nthawi yaitali ngati akumupatsa mazira.

Liuli ndi malo a mbiri. Ajeremani ankawatcha Sphinxhafen, ndipo mu August 1914 sitima ya Angerezi ya Guendolen inaombera pomwepo sitima ya Hermann von Wissmann ili pamtunda. Koma mayiyo, pokhala wa mpingo wa Anglican, ankadziwa Liuli chifukwa cha manda a William Percival Johnson, mmishonale wa UMCA amene anamwalira kumeneko mu 1928. Johnson anafika kunyanja mu 1882 ndi mnzake Charles Janson, amene anamwalira chaka chomwecho. Iye anapitiriza ulendo m'midzi ya m'gombe la kum'mawa, ndipo ngakhale maso ake anawonongeka patapita zaka zochepa, anagwira ntchito m'derali zaka zoposa 40, namasulira Baibulo m'Chinyanja. Mabuku a mishoni amakonda kunena kuti anayenda yekha. Ataima pamandapo, mayiyo anaganiza kuti mawu amenewo ankangotanthauza kuti panalibe mzungu mnzake. Analipo omuphikira, omuwolotsa mitsinje ndi omuyalira mphasa, koma sanawerengedwe. Iyenso akadzabwerera adzanena kuti anayenda yekha, chonsecho kunali wogulitsa tiyi, kunali wa njinga amene ankamudikira pamthunzi osadandaula.

Ubale wa Liuli ndi Likoma si wongopeka. Mpaka 1952, pamene dayosizi ya South-West Tanganyika inakhazikitsidwa, gombe limeneli linali pansi pa bishopu wa ku Likoma, ndipo aphunzitsi, ansembe ndi akwatibwi ankawoloka nyanja mbali zonse ziwiri. Ndi chifukwa chake mkulu wina wa pa tchalitchi atangoona dzina la pa kapepala analoza njira osazengereza.

Atsibweniwo anali moyo, okalamba kwambiri, atakhala pakhonde akusoka ukonde. Mayiyo anagwada patali, nawomba m'manja.

"Apongozi, ndine mtengwa wanu wa ku Nkhata Bay. Ndabwera ndi mawu olemera."

Nkhalambayo inayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Munthu wa pachithunzipo inamuona komaliza ali kamnyamata kogwira chitenje cha amake.

"Mphumi iyi ndi ya mlongo wanga," inatero. "Mwabwera ndi yani, mayi?"

"Ndekha."

"Nokha? Njira yonseyi?"

Inaika ukonde pansi niitana akazi a pamudzipo. Anayala mphasa, nayamba kulira maliro a munthu amene ambiri a iwo sanamuonepo, chaka chathunthu ataikidwa m'manda. Mayiyo ankayembekeza kuti katundu akatulidwa adzapepukidwa. M'malo mwake analira kuposa mmene analirira pa tsiku la maliro, pamene anali wotanganidwa ndi kulandira anthu ndi kuwerenga matumba a ufa. Masiku anayi a kukhala chete anali atamukonzera malo olirira.

Anakhala pamudzipo masiku atatu. Sizonse zinali zokoma. Achinyamata ankalankhula Chiswahili ndi Chimpoto, ndipo madzulo nkhani zikakoma iye ankangomwetulira osamva, kusungulumwa kwa pakati pa anthu kumene kumaposa kwa m'chipinda chotseka. Komabe analemba m'kope mayina a abale onse, ndi manambala a foni, kuti ana ake asadzayambenso ndi kapepala kamodzi. Buku la mapemphero analisiya m'manja mwa nkhalambayo.

Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Pa tsiku lonyamuka, atsibweniwo analamula mdzukulu wawo wamkazi kuti anyamule chikwama ndi kumuperekeza, pakuti kumeneko, monganso kwawo, mlendo satuluka pamudzi yekha. Mtsikanayo anayenda naye kudutsa minda ya chinangwa mpaka pamsewu, nadikira mpaka galimoto itabwera. Kutsogolo kunali masiku ena atatu a mabasi, malo ogona achilendo ndi maola owerengedwa mwa njira ina. Mayiyo anakhala pafupi ndi zenera, naika pamiyendo phukusi la usipa limene anamupatsa, nayamba kusanja mumtima mmene akafotokozere ana ake, kuyambira pa nambala 12 ija.