Mbandakucha pa Nyanja ya Chilwa

Tinanyamuka pa dooko la Kachulu kusanache, bwato lili kutsata kanjira kopapatiza pakati pa njedza. Tinali ndi kamera yobwereka, ndipo mtima wathu wonse unali pa nkhwazi. Nkhwaziyo inaliradi chapatali, itagadamitsa mutu monga ichitira, koma mmene tinkati tilunjikitse kamera n'kuti itapita kale.

Amene anatiphunzitsa kupenya ndiye mnyamata wopalasa bwato. Analeka kupalasa, natilozera ndi mlomo. Ife tinaona udzu wokhawokha. Iye anaona akakowa atatu ataima chilili m'madzi, ndi nantchengwa ali kuvundula matope ndi phazi kuti tizilombo tituluke. Tinakhala duu nthaŵi yaitali, udzudzu uli kutidya, kufikira mbalamezo zinatiiŵala. Pamenepo mpamene tinajambula.

Tinamfunsa kumene anatenga maso otere. Anaseka, nati anaŵatenga potchera misampha. Nyanjayi njosazama, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo inaphwa mu 1968 ndi mu 1995. Mu 2018 inatsala pang'ono kuteronso. Matemba akasoŵa, mbalame ndizo ndiwo, ndizonso ndalama ya mchere ndi sopo. Nzoona kuti mu 1997 nyanjayi inaloŵa m'pangano la Ramsar losunga madambo, koma ife, okhuta ndi onyamula kamera, tinachita manyazi kumtchulira zimenezo.

Pobwerera tinamuonetsa chithunzi cha akakowa aja. Anachiyang'anitsitsa, nkhafi ili pamiyendo, natiuza kuti wapakatiyo akali mwana.