Kwa mng'ono wanga amene wayamba kulemba nkhani

Wokondedwa mng'ono wanga,

Nkhani yako ya mlimi wa fodya wa ku Mitundu ndaiwerenga. Anthu ake ndi amoyo ndithu, koma wofotokoza sakukhazikika. Pa tsamba limodzi mlimiyo "adanyamuka", kenako "akukwera" minibasi, kenako "anafika" ku Kanengo. Yamba wasankha poima wofotokozayo: kodi njala ya 2002 akuikumbukira atakalamba, kapena ali m'kati mwake?

Ngati akukumbukira, gwira -da- monga timayankhulira kuno kwathu. Nayenso -na- si wolakwa, kungoti usawasinthanitse popanda chifukwa. Agogo akangoti "padangokhala", ana amadziwiratu kuti zimenezi n'zakale. Koma amene wamusiya kwambiri ndi -nka-. "Adapalasa njinga kupita kumsika wa Mitundu" ndi ulendo umodzi basi. "Ankapalasa" ndi zaka zambirimbiri, dzinja ndi chilimwe, mpaka matayala kuperepeseka. Kumayambiriroko mlimi wako azikhala mu -nka-: ankasoka fodya usiku, ankakongola feteleza, ankatuma ana kuchigayo. Ukatero, tsiku limene chimanga chidatha m'nkhokwe lidzamveka kulemera kwake. Ufunefunenso Nthondo, buku la 1933 la Samuel Nthara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, uone m'mene adayendetsera moyo wa munthu mmodzi kuchokera ku ubwana.

Anthu ako akatsegula pakamwa, asiye ayankhule za lero lawo. Mayi wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu wa M1 pa Nathenje sanganene kuti chimanga "chidakwera mtengo". Amati "chakwera", chifukwa chikumuwawa pompano. Kulemba nkhani yonse mu -ku- n'kotheka, ndipo phokoso la tsiku lamsika limamveka bwino motero, koma ine masamba akachuluka ndimatopa nako.

Pamene wandigwira mtima ndi pa -dza-. M'mwezi wa Febuluwale, ana atagona ndi njala, mlimiyo akuuza mkazi wake kuti, "Msika ukatsegulidwa mu Epulo ndidzafolera nyumba ino ndi malata." Aliyense amene adadikirapo ndalama za fodya akudziwa m'mene ngongole ndi mtengo wa thiransipoti zimadyera ndalamazo. Ndiye ndime yotsatira ija, yofotokoza kuti malatawo sadagulidwe, uichotse. Wowerenga wa ku Mitundu sakufunika kuuzidwa zimenezo.

Ukaikonza unditumizirenso. Upereke moni kwa amayi ndi onse kumudziko.

Ndine mkulu wako.