Sukulu ya m'foni: kulowa nkosavuta, kumaliza ndiye nkhani

Abale anzanga, inetu ndaphunzira nawo sukulu yopanda mpanda ija azungu amati MOOC. Idatchuka mu 2011 pomwe aphunzitsi awiri a pa yunivesite ya Stanford ku America, a Sebastian Thrun ndi a Peter Norvig, adaika phunziro lawo pa intaneti mwaulere. Anthu 160,000 adalembetsa! Chaka chotsatira kudabadwa Coursera ndi edX.

Kayendetsedwe kake nkotere. Umalembetsa pa foni kapena kompyuta, palibe wokufunsa mapointi a MSCE. Mphunzitsi adamujambula kale m'mavidiyo afupiafupi, iwe umaonera nthawi yomwe wafuna. Mafunso osankha yankho amachongedwa ndi kompyuta, pomwe zolemba zazitali mumachongerana ophunzira nokhanokha. Zanga adachonga munthu amene ngakhale dzina lake sindilidziwa.

Koma ndikuuzeni zoona. Mavidiyowa amadya bandulo koopsa, magetsi nawo akathima foni ili zii. Maphunziro ena kuonera nkwaulere, koma satifiketi yokha amafuna madola. Chinanso, kulibe ahedi okuthira chikwapu ukajomba, wodzilondera ndiwe wekha. Nchifukwa chake ambiri amalekera panjira. Ku Stanford kuja omaliza adali pafupifupi 23,000 basi.

Komabe ine ndikuti, makolo anzanga, mwana amene dzina lake silidatuluke ku yunivesite musamusiye azingokhala pa bawo. Asankhe phunziro limodzi lokha, mumugulire bandulo, ndipo Loweruka lililonse mudzimufunsa pomwe wafika.